Mawu a ku Kasungu: Mmene Anachokera Kwawo ndi Mmene Akubwerera

Munthu wochokera ku Lilongwe pa msewu wa M1 akangowoloka mtsinje wa Bua amadziwa kuti walowa kwa eni fodya. Zigafa zili ndandanda m'mbali mwa msewu, mabalani a njerwa akuonekera patali m'maesiteti, ndipo nyengo ya msika ikakwana malole odzaza mabelo amatsatana kulowera ku Chinkhoma. Za fodya wa m'chidikha chino aliyense amazidziwa. Chimene ambiri sitichiganizira n'chakuti kwa zaka zoposa 150 Kasungu ndi madera oyandikana naye akhala akutumiza kunja katundu winanso, ndiye mawu: mayina a mafumu, nthano, nyimbo, milandu, miyambi ndi chilankhulo chenichenicho. Mawuwo ankachoka monga amachokera fodya, ali tsamba chabe, n'kukakonzedwa kutali, ndipo akasanduka buku mtengo wake unkakhala woti mwini tsamba sangaukwanitse. Masiku ano makina ojambula mabuku ndi intaneti zayamba kubweza ena mwa mawuwo. Kuti tidziwe chimene chabwerera ndi chimene chikadali kunja, tiiyambe nkhaniyi pachiyambi pake.

Pepala lisanafike

Kalelo mbiri inkasungidwa m'mitu ya anthu, ndipo nkhani iliyonse inali ndi eni ake odziwika. Pa bwalo, nduna za mfumu zinkakumbukira milandu yakale, mmene inagamulidwira ndi pamene malire a minda anadutsa. Ku tsimba anamkungwi ankasunga malangizo a chinamwali, ku dambwe akuluakulu a gule ankasunga nyimbo ndi zinsinsi zosanenedwa pagulu. Polonga ufumu pankapezeka nkhalamba yotha kutchula onse amene analowa dzinalo, kuchokera kwa malume kupita kwa mwana wa mlongo wake, mpaka kukafika kwa amene anatsogolera mbumba pofika m'dziko lino. Madzulo ana ankazungulira moto kumva nthano ndi kuponyerana zilapi.

Kasungidwe kameneka kanali ndi mphamvu yake, chifukwa wopotoza nkhani pa bwalo ankatsutsidwa pomwepo ndi anzake oidziwa. Kanalinso ndi poterera pake. Mliri, njala kapena nkhondo zikatenga akuluakulu a mudzi nthawi imodzi, zimene ankadziwa zinkapita nawo kumanda. Zotsala zinkakhala za pamwala ndi za m'nthaka, monga ng'anjo zosungunulira chitsulo ndi zojambula za pamiyala zimene zikuonekabe m'nkhalango yotetezedwa ya Kasungu.

M'zaka za m'ma 1800 ufumu wa Mwase unakula pakati pa maufumu ena a Achewa a kuno monga a Chulu, Lukwa ndi Kaomba, chifukwa unali pa njira ya malonda a minyanga ndi akapolo yochokera ku Luangwa kutsikira kwa Jumbe ku Nkhotakota. Njira zoterezi ndi zimene zinabweretsa alendo oyamba okhala ndi cholembera, ndipo ndi zomwezonso zimene zinatenga abale athu oyamba amene mawu awo analembedwa papepala.

Alendo oyamba kulemba

Mu 1831 msilikali wa Chipwitikizi, António Gamitto, ananyamuka ku Tete pamodzi ndi José Monteiro ulendo wa kwa Mwata Kazembe. Anadutsa m'midzi ya Amaravi ndi ya Achewa a kumadzulo kwathu kuno, nalemba zimene anaona zokhudza kalimidwe, kasulidwe ka zitsulo, maliro ndi kaweruzidwe ka milandu. Buku lake, O Muata Cazembe, linatuluka ku Lisbon mu 1854, ndipo linadikira mpaka 1960 kuti Ian Cunnison alimasulire m'Chingerezi. Chaka chomwecho cha 1854 kunatulukanso Polyglotta Africana, buku la Sigismund Koelle, mbusa wa Chijeremani amene ankafunsa mawu kwa akapolo omasulidwa ku Freetown. Pakati pa zilankhulo zambirimbiri za m'bukumo pali mawu a Chimaravi ochokera kwa munthu wina dzina lake Mateke.

Nkhani yogwira mtima koposa ndi ya Salimini. Munthu ameneyu anagwidwa ukapolo m'chigawo chapakati cha dziko lino, nawolotsedwa nyanja, mpaka anakapezeka kufupi ndi Mombasa. Kumeneko mu 1853 anakumana ndi mbusa Johannes Rebmann, amene anamumva akulankhula chilankhulo chachilendo ndipo anayamba kukhala naye pansi kulemba mawu ake. Salimini sanangotchula mayina a zinthu. Anafotokoza mitsinje ndi midzi ya kwawo, zakudya, miyambi ndi miyambo, zonse kuchokera m'mutu, ali kutali ndi mbumba yake. Rebmann anamwalira mu 1876, ndipo chaka chotsatira mnzake Ludwig Krapf anasindikiza ntchitoyo ndi dzina lakuti Dictionary of the Kiniassa Language. Ameneyu ndiye mtanthauziramawu woyamba wa chilankhulo chathu. Anabadwa ndi chifundo cha kwawo cha kapolo, ndipo kwa zaka zambiri anangokhala m'malaibulale ochepa a kutali, kumene mdzukulu wa Salimini sakanafikako.

Mu September 1863 David Livingstone anakwera mtunda kuchokera ku Nkhotakota, nafika kwa Mwase pansi pa phiri la Kasungu. Zimene anaona, kuphatikizapo amalonda a Chibisa ndi mantha a nkhondo ya Angoni, zili m'buku limene analemba ndi mng'ono wake Charles, lotuluka ku London mu 1865. Patapita zaka 30, kumapeto kwa 1895, asilikali a boma la atsamunda anathira nkhondo Mwase Chibisa, ndipo mfumuyo inasankha kudzipha m'malo mogwidwa. Atsamunda anamanga linga limene analitcha Fort Alston. Nkhondo imeneyi Harry Johnston anaifotokoza m'buku lake British Central Africa mu 1897, monga mmene wopambana amafotokozera. Mbali ya ogonjetsedwa inatsala pakamwa pa agogo. Kuyambira pamenepo mbiri ya Kasungu inayenda njira ziwiri, ya papepala ndi ya pakamwa, ndipo ya papepala ndi imene ophunzira a kunja ankaikhulupirira.

Chilanga, Chicago ndi Nkhoma

Sukulu inafika ndi amishoni. Mu 1900 Dr George Prentice wa mishoni ya Livingstonia anatsegula siteshoni ku Kasungu, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920 siteshoniyo inaperekedwa m'manja mwa amishoni a Dutch Reformed a ku Nkhoma. Nthawi imeneyo mabuku a chilankhulo chathu anali atayamba kuchuluka: galamala ya Alexander Riddel ya 1880, mtanthauziramawu wamkulu wa David Clement Scott wa 1892, ndi Buku Lopatulika limene linasindikizidwa lathunthu mu 1922. Ana a ku Kasungu anagwira sileti, naphunzira kulemba okha. Mmodzi mwa oyambawo, Hanock Msokera Phiri, atabwerako ku South Africa mu 1924 anayambitsa mpingo ndi masukulu a African Methodist Episcopal kwawo konkuno, pofuna kuti maphunziro akhale m'manja mwa eni dziko.

Mwana wa mlongo wake, Hastings Kamuzu Banda, amene anaphunzira ku Mtunthama ndi ku Chilanga, ananyamuka wapansi cha m'ma 1915, nadzera ku Southern Rhodesia ndi ku Johannesburg, nafika ku America mu 1925. Ali pa yunivesite ya Chicago anakumana ndi Mark Hanna Watkins, Mmereka wakuda amene ankaphunzira za zilankhulo pansi pa Edward Sapir. Kuyambira 1930 awiriwa ankakhala pansi, wina akulankhula, wina akulemba ndi kuika zizindikiro zosonyeza pamene liwu likukwera ndi pamene likutsika. Zotsatira zake ndi A Grammar of Chichewa, yosindikizidwa mu 1937. Chichewa cha m'bukumo ndi cha ku Kasungu, monga mmene mnyamata anachimvera kwa amayi ake ndi agogo ake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Aliyense wofuna kudziwa mmene kalankhulidwe ka kuno kasinthira sangalilambalale bukuli. Komabe kwa zaka zambiri mphunzitsi wa Chichewa ku Chulu kapena ku Santhe analibe njira yoliwerengera.

Ku Nkhoma nako kunatuluka mlembi wathuwathu. Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wobadwa mu 1905, analemba Nthondo, buku limene linapata mphotho pa mpikisano wa zilankhulo za mu Africa mu 1933, ndipo Thomas Cullen Young analimasulira m'Chingerezi chaka chotsatira. Kenaka Nthara anayenda m'midzi kufunsa mafumu ndi nkhalamba, nalemba Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940. Apa njira ziwiri zija zinakumana: Mchewa analemba m'Chichewa zimene Achewa anzake ankasunga pakamwa. Bukuli linamasuliridwa ndi W. S. Kamphandira Jere, ndipo linatuluka m'Chingerezi mu 1973 ku Wiesbaden, ku Germany, lili ndi ndemanga za Harry Langworthy. Cullen Young yemweyo ndi Banda anasonkhanitsanso nkhani za alembi atatu a kuno, John Kambalame, E. P. Chidzalo ndi J. W. M. Chadangalara, m'buku la Our African Way of Life mu 1946.

Pambuyo pawo panabwera m'badwo wa alembi amene anakuza ambiri a ife m'kalasi: John Gwengwe wa Kukula ndi Mwambo, E. J. Chadza, Josiah Phiri, Jolly Max Ntaba, Willie Zingani ndi anzawo. Mabuku awo ankasindikizidwa pa pepala lotchipa, ochepa pa nthawi, n'kumadutsa m'manja mwa ana ambiri mpaka chikuto kuthothoka. Tiwakumbukire mabuku amenewa, chifukwa tikafika pa nkhani ya intaneti ndi iwo amene tidzawafunefune.

Moto wa ku Zomba ndi zitseko zotseka

Boma nalo linkalemba. Bwana DC aliyense ankasunga buku la boma lake, momwe ankalembamo mibadwo ya mafumu, misonkho, milandu ndi njala. Koma mu 1919 moto unanyeketsa likulu la maofesi a boma ku Zomba, ndipo makalata ambiri a zaka zoyambirira za utsamunda anapsa. N'chifukwa chake wofufuza za nthawi ya Mwase Chibisa amayenera kudalira makope amene anatumizidwa ku London, omwe lero ali m'nyumba yosungira makalata a boma la Britain ku Kew. Nyumba yosungira makalata a boma inakhazikitsidwa ku Zomba mu 1947, ndipo ndi imene inadzatchedwa National Archives of Malawi. Lamulo limati buku lililonse losindikizidwa m'dziko muno kope lake lizikasiyidwa kumeneko.

Zina zonse zinabalalika kutsata eni ake. Makalata ambiri a amishoni a Livingstonia ali ku Edinburgh, a amishoni a Dutch Reformed ali ku Stellenbosch, a ansembe a White Fathers ali ku Rome, a Apwitikizi ali ku Lisbon. Nyimbo za Achewa zimene Hugh Tracey anajambula m'zaka za m'ma 1950 zili ku International Library of African Music, pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa. Mulu wina wa makalata okhudza Kamuzu uli pa yunivesite ya Indiana ku America. Palinso mafayilo amene atsamunda ananyamula mwakabisira pochoka m'mayiko amene ankawalamulira, Nyasaland yomwe, ndipo anayamba kutsegulidwa ku Kew mu 2012.

Ufulu wa 1964 unabweretsa yunivesite yathu, ndipo ophunzira mbiri ku Chancellor College anayamba kupita m'midzi ya kwawo pa tchuthi kukafunsa akuluakulu. Kings Phiri anayenda m'chigawo chapakati kusonkhanitsa mbiri ya pakamwa ya Achewa, ndipo kafukufuku wake wa digiri ya udokotala anaperekedwa ku yunivesite ya Wisconsin mu 1975. Chichewa chinakhala chilankhulo cha fuko mu 1968, ndipo Chichewa Board inakhazikitsidwa mu 1972. Koma mu 1968 momwemo munabweranso lamulo lounika mabuku ndi zisudzo, ndipo mabuku ambiri analetsedwa. Kuwerenga makalata a ku Zomba kunkafuna chilolezo chovuta kupeza, ndipo mlakatuli Jack Mapanje anatsekeredwa popanda mlandu kuyambira 1987 mpaka 1991. Mwana wa ku Kasungu amene anapereka chilankhulo chake kwa Watkins ndi yemweyo amene boma lake linatseka zitseko zimenezi. Mbiri yoona iyenera kunena zonse ziwiri.

Mu 1981 anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, pafupi ndi mtengo wa kachere umene Kamuzu anaphunzirira pansi pake. Sukuluyi ili ndi laibulale yokongola yomangidwa motengera Library of Congress ya ku Washington, ndipo Chilatini ndi Chigiriki zinaikidwa pakati pa maphunziro ake. Mphunzitsi wina wa zilankhulo zakalezo pa sukuluyi, Andrew Goodson, anadzalemba kafukufuku wa Chichewa cha Salimini, wotuluka mu 2011 m'buku la Steven Paas lonena za Rebmann. Kunja kwa mpanda wa sukuluyo buku linali losowa. Nthawi ya njala ya 2002, William Kamkwamba wa ku Wimbe atasiya sukulu posowa fizi, anabwereka buku la Using Energy m'kalaibulale ka pa sukulu ya pulaimale, napanga makina opukusa magetsi ndi mphepo. Dziko lonse linamva za iye. Ife tifunse kuti ndi ana angati a ku Wimbe amene akanakhala akatswiri a mbiri kapena a chilankhulo buku loyenera likanawapeza.

Makina ojambula mabuku

Pamene izi zinkachitika, kutali kunayamba ntchito ina. Mu 1971 Michael Hart anayambitsa Project Gutenberg, kutayipa mabuku akale pa kompyuta kuti aliyense awerenge ulere. JSTOR inayamba mu 1995 kujambula magazini a ophunzira, Internet Archive inabadwa mu 1996, Google inalengeza mu 2004 kuti ijambula mabuku mamiliyoni a m'malaibulale akuluakulu, ndipo mu 2008 mayunivesite a ku America anaphatikiza makope awo m'nkhokwe ya HathiTrust. Ojambulawo ankangotsata mashelefu buku ndi buku, ndipo mwanjira imeneyi Rebmann, Scott, Livingstone ndi Johnston analowa nawo pa intaneti.

Kwathu kuno oyang'anira malaibulale anagwirizana mu 2003 n'kupanga bungwe la MALICO kuti azipezera pamodzi mabuku ndi magazini a pa intaneti. Mu 2006 JSTOR inatsegula nkhokwe yake ulere kwa masukulu ndi mabungwe osachita malonda a mu Africa. Mmenemo muli galamala ya Watkins, komanso magazini a Society of Malawi kuyambira 1948 pamene ankatchedwa Nyasaland Journal, momwe W. H. J. Rangeley analembamo za nyau za m'boma la Nkhotakota. British Library inayambitsa mu 2004 ntchito yopulumutsa zolemba zimene zili pangozi, ndipo mogwirizana ndi National Archives of Malawi yajambula makalata a maofesi a mafumu a nthawi ya atsamunda ndi zolemba zina. Moto wa pa yunivesite ya Mzuzu mu December 2015, umene unapsereza laibulale yonse ya mabuku pafupifupi 45,000, unatikumbutsa kuti chakudza sichiimba ng'oma, ndi kuti buku limene lili ndi kope limodzi lokha lili pafupi kutha.

Kusinthaku n'kwakukulu ndipo tisakuchepetse. Ntchito imene kale inkafuna tikiti ya ndege, chitupa cholowera m'dziko la eni ndi malo ogona ku London lero munthu angathe kuiyamba ali pakhonde pake. Angathe kuika pambali zimene Livingstone analemba za Mwase, n'kuzifanizira ndi zimene Nthara anamva kwa akuluakulu ndi zimene agogo a m'mudzi mwake akunenabe. Umu ndi mmene kafukufuku wa mbiri, wa zilankhulo ndi wa chikhalidwe amayendera: kuika mboni zingapo pamodzi ndi kufunsa chifukwa chimene zikusiyanirana.

Chimene chabwerera ndi chimene chatsala

Tiyeni timuone mphunzitsi wa mbiri pa sekondale yoyendera cha ku Chamama. Wagula bandulo, watchajitsa foni pa sola ya pa golosale, ndipo wakwera pa chulu pamene netiweki imagwira bwino. Akufuna mtanthauziramawu wa Scott, wa masamba oposa 700. Fayilo ndi yolemera, ikafika pakati netiweki imaduka, ayambirenso. Ikatheka, amawerenga pokulitsa tsamba ndi zala ziwiri, mzere ndi mzere, kenaka n'kugawira anzake pa WhatsApp. Akafuna kusaka liwu m'bukumo amapeza vuto lina, chifukwa makina owerenga zilembo anazolowera Chingerezi ndipo mawu athu amawaphotchola. Ayeneranso kudziwa kuti alendo ankalemba mayina mwa njira yawo. Mwase kwa Livingstone ndi Muazi, Achewa m'mabuku ena ndi Acewa kapena Chevas, Kasungu nthawi ina ankawerengedwa m'boma la Marimba, Mchinji ndi Fort Manning, Chipata ndi Fort Jameson. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wosadziwa izi angaganize kuti za kwawo sizinalembedwe.

Zitseko zina zikadali zotseka. Mwayi wonse wa JSTOR umadzera ku sukulu kapena bungwe lolembetsa, ndipo mphunzitsi wa kumudzi kawirikawiri sakhala m'gulumo. Ku HathiTrust kuli mabuku akale amene munthu wa ku Chicago amawerenga onse, koma wa ku Kasungu amangoona mutu wake, chifukwa malamulo a umwini wa mabuku amasiyana dziko ndi dziko ndipo nkhokweyo imasamala kwambiri ndi owerenga a kunja kwa America. Zimene zatsegulidwa nazo zikhoza kutsekedwanso. Mu October 2023 akuba a pa intaneti anaononga makompyuta a British Library, ndipo zambiri za pa intaneti za kumeneko zinasowa kwa miyezi. Internet Archive itagonja pa mlandu ndi makampani osindikiza mabuku mu 2023 ndi 2024, mabuku oposa 500,000 anachotsedwa pa mndandanda wa obwereketsa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Kope limene lili pa kompyuta ya eni ake kutsidya kwa nyanja tisaliwerengere ngati lathu.

Koma mpata waukulu koposa ndi uwu. Mabuku amene amamasuka msanga ndi akale kwambiri, ndipo akale kwambiriwo ndi amene analembedwa ndi alendo. Ku America buku limamasuka patatha zaka 95 chisindikizidwire, kwathu kuno lamulo la 2016 limateteza ntchito ya mlembi moyo wake wonse ndi zaka 50 atamwalira. Kuteteza mlembi n'koyenera, pakuti naye anakhetsa thukuta. Koma zotsatira zake n'zakuti mabuku a Chichewa a pakati pa 1930 ndi 1990 ali pakatikati: ambiri sapezekanso m'sitolo, komanso sanamasuke kuti aikidwe poyera. Mwana wa ku Mtunthama angathe kuwerenga Homer ndi Virgil m'zilankhulo zawo pa Perseus Digital Library osalipira kanthu, koma akafuna Nthara kapena Gwengwe ayenera kufunsa khomo ndi khomo kuti ndani anasungako. Tikapanda kusamala, wofufuza wa mawa, pamodzi ndi makina amene akuphunzira zilankhulo kuchokera pa intaneti, adzatidziwa kudzera m'maso mwa amene anatigonjetsa.

Zimene zili m'mabokosi mwathu

Mbali ina ya mbiri ya Kasungu sinapite kulikonse. M'chipinda cha kuseri kwa tchalitchi muli bokosi lachitsulo, ndipo mkati mwake muli kaundula wa ubatizo ndi maukwati. Chikuto chinafewa ndi chinyontho, mawaya omangira masamba anachita dzimbiri n'kudetsa pepala, inki yabuluu yayamba kufwifwa, ndipo chiswe chadya kale ngodya ya m'munsi pamene panalembedwa mayina a midzi. M'kaundula mmodzi ngati ameneyu muli mibadwo ya mabanja, kusamuka kwa midzi, zaka za miliri ndi mayina a amuna amene anapita ku Joni ndi ku Halale osabwerako. Kwa mafumu kuli makope a milandu ya malo. M'masukulu akale muli mabuku amene ahedi ankalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku.

Nawonso maesiteti ali ndi zawo. Mbiri ya fodya wa kuno, kuyambira nthawi imene lamulo la 1963 la mbewu zapadera linkasungira maesiteti fodya wa bale ndi wowotcha m'mabalani, kudzera m'masiku a Press Farming, General Farming ndi Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority, mpaka pamene alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale kuyambira 1990, ili m'mabuku a makalaliki. Mmenemo munalembedwa dzina la tenanti, boma limene anachokera, chimanga, mchere ndi feteleza zimene anakongola, ndi zimene zinatsala atadulidwa pa mapeto a chaka. Utenanti unathetsedwa ndi lamulo mu 2021, koma amene adzafune kumvetsa mmene mabanja ochokera ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe anakhalira kuno adzafuna mabuku amenewa. Palibe kampani ya kunja imene idzabwere kudzawajambula.

Ntchitoyi siifuna chuma chambiri. Imafuna kamera kapena foni yabwino yomangidwa pa choimikira, kuwala kokwanira, manja oyera, ndi munthu wodekha wolemba dzina la buku, mwini wake, malo ndi chaka pa fayilo iliyonse. Makope akhale angapo: lina kwa mwini buku, lina ku laibulale ya pa boma, lina ku Zomba. Kumene netiweki siifika, zida zosunga mabuku popanda intaneti monga eGranary ndi Kiwix zilipo kale. Buku likatayipidwa bwino limathanso kuwerengedwa mokweza ndi makina kapena kusandutsidwa zilembo za Braille, ndipo dziko lathu linalowa mu 2017 m'pangano la Marrakesh lolola zimenezi, choncho ana a pa sukulu ya osaona ku Chilanga nawo apindule.

Pakhalenso ulemu. Zinsinsi za ku dambwe ndi za ku tsimba zili ndi eni ake, ndipo iwo ndiwo anene chimene chingapite poyera. Kaundula wokhala ndi mayina ndi ngongole za anthu amoyo ajambulidwe kuti asungike, koma asamwazidwe pa intaneti. Mabanja a alembi athu, osindikiza monga a ku Nkhoma, Likuni, CLAIM ndi Dzuka, pamodzi ndi COSOMA ndi Centre for Language Studies, akhale pansi apeze njira yoti mabuku osowa aja abwerere kwa owerenga, mwini wake osaponderezedwa.

Anthu amene anasoka fodya m'maesiteti m'zaka za m'ma 1970, amene anaphunzira ku Chilanga nthawi ya amishoni, ndi amene anamva za nkhondo ya Mwase kwa agogo awo, ena akadali moyo ndipo angatiuze tanthauzo la zimene zili m'makaundulawo. Zaka khumi zikubwerazi ambiri a iwo sadzakhalapo, ndipo mapepala nawo akutha dzinja lililonse. Aphunzitsi, abusa, mafumu ndi ophunzira a m'boma lino ayambe chaka chino ndi bokosi limene lili pafupi nawo, kuti amene adzalembe mbiri ya Kasungu adzapeze mboni za kuno zikulankhula m'Chichewa pambali pa mboni za alendo.